Maliro a Kabota, Mbava ya pa Kanema

Mu ufumu wa Mverani malamulo ankamera ngati bowa. Ena anali odyedwa, ena akupha, ndipo wodziwa kusiyana kwake anali amene walawa. Mwini malamulowo anali Mfumu Sindilakwa Wachiwiri, yemwe analowa ufumu wa amalume ake pamodzi ndi dzina lawo, mkanjo wawo ndi khalidwe lawo losabweza mawu. Lamulo likatuluka pakamwa pake silinkafafanizidwa. Likayamba kuvuta, mfumu inkangoliberekera mng'ono wake kuti azivutira limodzi.

Felesiya Nangozo sankazitsata za kubwalo la mfumu. Iye anali mayi wamasiye wa mawu aakulu, ndipo anali ndi chisakasa cha malata kuseri kwa msika wa Tiyesenso, pakati pa chigayo ndi ogulitsa makala. M'chisakasamo munali mabenchi, kanema ndi maikolofoni. Dzuwa likapendeka anthu ankadzazana mmenemo kudzaonera sewero lochokera ku dziko lolemera la Gulazonse, limene onse ankalitcha Chuma cha Bwana Ndevu. Anthu a m'sewerolo ankalankhula Chigulazonse, ndipo Felesiya ndiye ankawamasulira. Bwana Ndevu anali iye, mkazi wa bwana anali iye, wophika anali iye, ngakhale galu akauwa mokhala ngati ali ndi mfundo, Felesiya ankamuthandiza.

Vuto laling'ono linali lakuti Felesiya sankadziwa ngakhale liwu limodzi la Chigulazonse. Ankangoyang'ana nkhope, n'kuika pakamwa pawo zimene wamva kuchigayo. Mkazi wa bwana akamalira atagwira duwa, Felesiya ankati akulirira mtengo wa feteleza. Mphunzitsi wina anamufunsapo tsiku lina kuti, "Mayi, mukutsimikiza kuti watero?"

"Ngati mwamva zina, aphunzitsi, maikolofoni ndi iyi," anayankha Felesiya. Aphunzitsi anakhala pansi.

Mavuto anayamba tsiku limene mfumu inapita kukatsegulira mlatho wa pafupi ndi msika, mlatho womwewo umene inatsegulira chaka chatha, poti unali usanagwe. Mfumu inayamba kulankhula dzuwa lili pamutu. Inafotokoza za agogo ake, za maloto ake, za kukoma mtima kwake. Dzuwa litapendeka, amayi ovina anayamba kuchoka mmodzimmodzi ngati akupita kukataya madzi. Kenako ana asukulu. Kenako apolisi oimba malipenga. Mfumu itatukula maso pa pepala, inapeza patsala nduna zokha ndi mbuzi imene inamangidwa pamtengo. Anthu onse anali kwa Felesiya, chifukwa tsikulo mkazi wa Bwana Ndevu ankayembekezeka kutsitsimuka kuchipatala.

M'mawa mwake bwalo linakumana. Anaimirira a Tsekani Mpanda, Nduna ya Chikhalidwe, atavala suti yosokedwa ku Gulazonse ndi chikopa cha gwape paphewa kuti anthu asaiwale udindo wawo.

"Mwinidziko," anatero, "anthu aja sanakuthaweni. Anabedwa. Chikhalidwe chathu chili pa mphasa, chikupuma mwa apo ndi apo. Ana athu akudziwa dzina la galu wa Bwana Ndevu koma sadziwa mayina a agogo anu. Tikapanda kumanga mpanda, mawa tidzadzuka tili alendo m'dziko lathu lomwe."

Mfumu inakondwera kumva kuti sinathawidwe. Tsiku lomwelo linatuluka Lamulo Loteteza Chikhalidwe: pa kanema aliyense wa mu Mverani pasaonekenso mlendo. Apolisi anapita kwa Felesiya, ambiri a iwo makasitomala ake, n'kutseka chisakasa ndi loko wamkulu wopangidwa ku Gulazonse.

"Pepani mayi," anatero sajeni potembenuza kiyi. "Koma tandiuzeni, mkazi uja achira?"

Kuyambira pamenepo anthu anatsala ndi Kanema wa Ufumu, amene ankaonetsa chikhalidwe kuyambira m'mawa. Chikhalidwecho chinali mfumu ikutsegulira mlatho, makalaliki a ku unduna akuvina atavala zikopa pamwamba pa mathalauza, ndi gulu loimba la mphwake wa a Tsekani, lomwe linali ndi nyimbo imodzi. Oimba ndi ochita zisudzo enieni a m'dzikomo anapita ku unduna ndi zing'wenyeng'wenye zawo, poganiza kuti nthawi yawo yakwana. Anauzidwa kuti lamulo likuwateteza, ndipo munthu wotetezedwa amakhala pakhomo.

Kumsika anthu anati lamulolo ndi labwino kwambiri, chifukwa batire ya kanema inayamba kukhalitsa.

Koma ku Gulazonse nkhaniyi sinawakomere. Mafumu a mayiko awiriwo anali ndi pangano lakale la malonda: nandolo wa ku Mverani azilowa ku Gulazonse mosaletsedwa, katundu wa ku Gulazonse azilowanso ku Mverani mosaletsedwa. Ndipo kwa anthu a ku Gulazonse, sewero ndi katundu ngati sopo. Sabata isanathe, malole onse a nandolo anaimitsidwa pachipata cha malire. Anati akufufuza ngati nandoloyo alibe chikhalidwe chachilendo.

Nandolo ambiri ankalimidwa kumapiri, kwa anthu otchedwa Amtunda, ndipo kumeneko n'kumene Felesiya anabadwira. Mchimwene wake wamkulu, Lufeyo, anatsika kudzamuona, nkhope itagwa.

"Mlongo wanga, matumba adzaza nyumba. Ife tikugona pakhonde, anankafumbwe akugona m'chipinda. Akuti zonsezi n'chifukwa cha bwana wako wandevu uja."

"Wanga bwanji, achimwene? Inenso ndikudya zongopempha."

Bwalo linakumananso, ndipo ulendo uno kunabwera kazembe wa Gulazonse, bambo woonda womwetulira ngati wogulitsa mankhwala a makoswe. Iye anati dziko lake limalemekeza kwambiri chikhalidwe cha Mverani, ndipo lili lokonzeka kuchilemekeza mpaka nandolo yense atafumbwa.

Anaimirira mai Tsegulani Chipata, Nduna ya Malonda. "Mwinidziko, chikhalidwe sachiphika. Tsegulani zitseko, mphepo ilowe. Amene zisudzo zake n'zokoma apambana yekha pamsika."

"Pamsika uti?" anakuwa a Tsekani. "Iwo ali ndi makamera ngati mchenga, ife tili ndi imodzi, nayonso imatsata Mwinidziko! Mukufuna mwanapiye apikisane ndi kabawi?"

"Nanga mwanapiye wanuyo mwamudyetsa chiyani chitsekereni khola?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Mfumu inamvetsera, n'kugamula kuti onse awiri akunena zoona, popeza onse inawasankha yokha. Lamulo loyamba silingachotsedwe. Koma linatuluka lachiwiri, Lamulo la Malonda Omasuka: sewero la Bwana Ndevu lizionetsedwa tsiku lililonse pa Kanema wa Ufumu.

Nduna zinayang'anana. Mlendo asaoneke pa kanema, mlendo azioneka pa kanema. Koma mfumu inaseka chifukwa cha kuchepa nzeru kwa anthu ake.

"Mlendo amakhala mlendo ngati simunamupatse mudzi," inatero. "Apatseni mudzi."

Choncho kunachitika mwambo waukulu. Kanema anamuika pampando, anamufunditsa chitenje, ndipo Bwana Ndevu, mkazi wake, antchito ake ndi galu yemwe analembedwa kukhala nzika za Mverani. Bwana Ndevu anapatsidwa mfunda ndi dimba. Chinatsala n'chakuti nzika zatsopanozo zizilankhula ngati anthu akuno, ndipo aliyense m'bwalomo, ngakhale ankanamizira kusadziwa, ankadziwa amene angazilankhulitse.

Galimoto ya boma itaima pakhomo pake, Felesiya anayamba wakana. Anati iye anazolowera kunama pamaso pa anthu amene akumudziwa, kunamiza dziko lonse ndi ntchito ya ophunzira. Koma Lufeyo anamukokera kuseri.

"Fele, pita. Ukatsegula pakamwa iwe, chipata chitseguka. Ukufuna alamu ako aziphika anankafumbwe?"

Anapita. Anamupatsa kachipinda kozizira, mpando wozungulira ndi udindo wakuti Mkamwa wa Ufumu. Sewero linabwerera, malole anawoloka, mkazi wa Bwana Ndevu anachira. A Tsekani anauza dziko kuti mpanda wagwira ntchito, mai Tsegulani anauza dziko kuti chitseko chagwira ntchito, ndipo oimba ndi zing'wenyeng'wenye zawo anapitiriza kutetezedwa kunyumba.

Zikanathera pomwepo, koma mu Mverani munali mitundu itatu. Kunali eni likulu olankhula Chimverani, chinenero cha mfumu. Kunali Adambo a kuzigwa. Ndipo kunali Amtunda. Akuluakulu a Adambo ndi Amtunda anabwera kubwalo n'kufunsa mwaulemu: ngati anthu a m'sewerowa tsopano ndi nzika, bwanji onse anabadwira kulikulu? Kodi chikhalidwe chikutetezedwachi n'cha ndani?

Mfumu inati funsolo inali italiganiza kale. Linabadwa lamulo lachitatu, Lamulo la Mitundu Yonse: zinenero zitatu zizimveka pa kanema. Ntchito yogawa inapatsidwa kwa a Tsekani, ndipo iwo anaitanitsa Felesiya ku ofesi.

"Nkhani yake ndi yosavuta, mayi. Bwana Ndevu ndi banja lake azilankhula Chimverani, mwachidziwikire. Wophika ndi wa m'dimba, Chidambo. Tsono pali mnyamata uja amakwera mpanda kudzaba, mumati ndani?"

"Kabota, bwana."

"Kabota azilankhula Chimtunda. Ndamva kuti mumachidziwa pang'ono."

Felesiya anabwera kulikulu ali mtsikana, ndipo anthu ankamuseka chifukwa Amtunda amakoka mawu ngati akuitanizana kuchokera phiri lina kufika lina. Anakwecha lilime lake zaka zambiri mpaka palibe ankadziwanso kwawo. Ngakhale ana ake sanawaphunzitse.

"Bwana, mtundu wonse upatsidwe mbava?"

"Mbava imaoneka kawirikawiri kuposa wa m'dimba. Awina ndi iwowo. Kapena mukufuna tiwapatse galu?"

Tsiku lotsatira, kwa nthawi yoyamba chiyambire ufumu, Chimtunda chinamveka pa kanema wa boma. Chinamveka chikukwera mpanda, chikunong'ona pawindo, chikuthawa ndi nkhuku kukhwapa. Felesiya anachita ntchito yake bwino, chifukwa sankadziwa kuichita moipa.

Amtunda akakumana amapatsana moni wakuti, "Mwatsikaa?" Posakhalitsa moni ameneyu anasanduka nyimbo ya pamsika wa Tiyesenso. Lufeyo atabwera kudzagula mchere, anangotsegula pakamwa kufunsa mtengo, mayi wogulitsa n'kukhalira kachikwama kake.

"Gwirani matumba, anthuni, a Kabota atsikaa!" anafuula wogulitsa tomato, msika wonse n'kufa ndi phwete.

Lufeyo anafika kwa mlongo wake wopanda mchere. Felesiya anayembekezera kuti amukalipira, koma iye anangokhala pampando n'kumayang'ana zipewa za ana zopachikidwa pakhoma.

"Kwathu anthu akumayenda mtunda wautali kukaonera kanema kusitolo," anatero. "Amalume a Chikumbu tinachita kuwanyamula panjinga. Atamva Kabota akulankhula analira. Akuti, 'Ndakalamba ndisanamvepo chinenero chathu m'bokosi la boma. Chikuba nkhuku, inde, koma chikulankhula bwino. Mwana wa mlongo wanga sanaiwale.'"

Felesiya akanakonda kutukwanidwa. Anapita kukhitchini n'kukaima kumeneko nthawi yaitali, osagwira chilichonse.

Zithunzi sakanatha kuzisintha, koma pakamwa panali pake. Tsiku lotsatira Kabota akukwera mpanda, anthu anamumva akudzilankhulira: "Amayi anga anachapa m'nyumba muno mpaka manja anasupuka, anawachotsa ntchito ndi zikomo wapakamwa. Lero ndabwera kudzatenga zikomo winayo." Atagwira nkhuku anaiuza kuti, "Usalire, kumene tikupita kuli ana amene sanakuonepo." Ndipo Bwana Ndevu, akamayendayenda pabalaza atagwira galasi, anayamba kulankhula ngati munthu wina wodziwika: "Ine sindinalakwepo. Ndikalakwa, ndiye kuti kulakwako kwakhoza."

Msika unatembenuka ngati chitumbuwa m'mafuta. Anyamata a kabaza analemba dzina la Kabota kumbuyo kwa njinga zawo. Ana a kulikulu anayamba kufunsa ogulitsa makala, omwe ambiri anali Amtunda, tanthauzo la mawu ena a Chimtunda. "Mwatsikaa?" anakhala moni wa anthu ozindikira, ndipo mayi wa mchere uja anamuwonjezera Lufeyo basela, n'kumufunsa ngati kwawo kuli amuna ena osakwatira. Ana a Felesiya nawo anamufunsa chifukwa chimene anawabisira kuti iwo ndi abale ake a Kabota.

A Tsekani ananunkhiza kuti chinachake chapsa, koma sakanatha kunena, chifukwa mfumu inkalikonda sewerolo. Inkati Bwana Ndevu ndi munthu yekhayo m'dziko muno amene amalankhula zanzeru, ndipo inayamba kusunga ndevu.

Kenako kunafika gawo lomaliza kuchokera ku Gulazonse. Felesiya analionera yekha m'mawa, monga ankachitira, kuti akonzekere. Anaona Kabota akukwera mpanda. Anaona mlonda wa Bwana Ndevu akutukula mfuti. Anaona Kabota atagona pageti, fumbi kumaso, milomo ikugwedera, kamera ikumuyandikira pang'onopang'ono. Ku Gulazonse mbava zimafa kumapeto, kuti ogula agone mtima uli m'malo.

A Tsekani analowa akumwetulira. "Mwaona? Apa ndiye pofunika phunziro. Pamene milomo ikugwederapo anene kuti, 'Ndinalakwa. Bwana Ndevu ndi bambo wa tonse. Ana inu, mverani akuluakulu.' M'Chimtunda chomveka bwino, kuti eni ake amve."

Madzulo a tsikulo dziko lonse linaima. Chigayo chinazimitsidwa, mabasi anaima m'mbali mwa msewu, odwala anakokera mabedi kufupi ndi kanema. Mfuti inalira. Kabota anagwa. Kamera inayandikira milomo yake.

Felesiya anali ndi mawu a nduna m'mutu, ndipo anatsegula pakamwa kuti awanene, chifukwa anali ndi ana ofunika kudya ndiponso mchimwene wa nandolo. Koma nkhope ya pagetiyo inali ya mnyamata amene iye anamupatsa mayi, njala ndi chinenero. Mawu a nduna anakana kutuluka. M'malo mwake munatuluka nyimbo imene amayi a Chimtunda amaimba maliro akamatuluka m'nyumba, yomuuza womwalirayo kuti akwere pang'onopang'ono, phiri ndi lake, palibe amene amuthamangitsenso. Anali asanaiimbe chimwalirire mayi ake. Anaiimba yonse mpaka zilembo za Chigulazonse zinayamba kukwera pa kanema.

M'mawa mwake msika wa Tiyesenso sunatsegulidwe. Amayi anafika ku chisakasa chakale cha Felesiya atasenza nkhuni ndi ufa, kudzakhuza maliro a Kabota. Abambo anakhala pansi pa mtengo, zipewa m'manja. Makwaya a mipingo anabwera, ndipo onse, Amverani ndi Adambo omwe, ankaphunzira nyimbo ija kwa ogulitsa makala. Mphunzitsi uja anayesa kukumbutsa anthu kuti womwalirayo ndi munthu wa pa kanema, ndipo mwina pano akumwa tiyi kwawo. Anamuuza kuti ngati alibe chisoni akathandize kuwaza nkhuni.

Mfumu itaona kuti anthu asonkhana popanda iyo, inalengeza kuti malirowo ndi a boma, ndipo inatumiza ng'ombe yachipepeso. Inametanso ndevu.

Bwalo linakumana mwachangu. A Tsekani ankafuna Felesiya amangidwe, koma sajeni anawanong'oneza kuti apolisi ambiri ali kumaliro. Ndiye nduna inaganiza mozama, n'kupeza njira ya chikhalidwe.

"Mwinidziko, mawu a mayi ameneyu ndi chuma cha fuko. Chuma sachisiya poyera. Ndikupempha kuti atetezedwe."

Linatuluka lamulo lachinayi. Mawu a Felesiya Nangozo analembedwa m'gulu la zinthu zakale zamtengo wapatali, pamodzi ndi mpando wa mfumu yoyamba ndi mphika wina wosweka. Pofuna kuti asaperepeseke, analetsedwa kuwagwiritsa ntchito pa maikolofoni, poimba, kapena pagulu lililonse, kupatula pa Tsiku la Chikhalidwe, nduna ikalola. Anamuveka mendulo, anamujambula, n'kumuperekeza kunyumba. Kumsika anati ndi mwayi waukulu: ena amatsekedwa pakamwa popanda mendulo.

Asanabalalike, kazembe wa Gulazonse anapempha kulankhula. Anati ali ndi uthenga wosangalatsa. Gawo lomaliza lija, ndi nyimbo yake, analitumiza kwawo, ndipo anthu kumeneko alira mpaka masitolo a mipango atha katundu. Nyimboyo tsopano ikumveka m'mahotela ndi m'ndege.

Mai Tsegulani anawomba m'manja. "Mwamva? Chikhalidwe chathu chawoloka malire! Si izi ndinkanena?"

"Zoonadi," anatero kazembe. "Ndipo monga mwa pangano lathu, chilichonse choikidwa pa sewero chimakhala cha eni sewero. Nyimboyi tsopano ndi katundu wa Gulazonse, ndipo tiisamala kwambiri. Aliyense ali ndi ufulu woimvera kudzera pa sewerolo. Koma kuiimba pagulu popanda chilolezo ndi kuba, ndipo ndikudziwa kuti dziko lino silikufunanso nkhani za mbava. Malole a nandolo, ndamva, akuyenda bwino."

A Tsekani anatsegula pakamwa, n'kukumbukira kuti nyimboyo si ya kulikulu, n'kutsekanso. Mfumu inati zimenezi inali itaziwona kale.

Mvula yoyamba itagwa, amalume a Chikumbu anamwalira. Felesiya anakwera basi ndi ana ake kupita kumapiri. Anapeza mudzi wonse utasonkhana, ndipo pamodzi ndi olira panali mlendo: sajeni uja, atatumidwa kudzateteza zinthu ziwiri, mawu a fuko ndi katundu wa Gulazonse. Anali atakhala pa chitsa, maso pansi, ngati iyenso waferedwa.

Nthawi yotulutsa maliro itakwana, amayi anaima pakhomo la siwa n'kuyang'ana Felesiya, poti mwana wa mlongo ndiye amayambitsa nyimbo. Felesiya anayang'ana sajeni.

"Mayi, chonde," anatero sajeni motsitsa. "Ine nyimboyi ndimaiimba ndikamasamba. Koma mukaiyamba, ndiyenera kukalemba. Ndikakalemba, chipata chitsekedwa."

Anthu anayang'ana nkhokwe ndi matumba a nandolo amene anali pakhonde la Lufeyo kudikira lole. Lufeyo anayandikira mlongo wake.

"Fele, amalume sangakwere phiri chete ngati mbuzi yobedwa."

"Ndiye ndiimbe, achimwene?"

Lufeyo anayang'ananso matumba aja. Milomo yake inagwedera, koma panalibe womuikira mawu.

Sajeni anatsokomola. Anati boma, mwa chifundo chake, linaganizira kale za mavuto otere. Anapita kuseri kwa nyumba n'kubwera akukankha wilibala. M'menemo munali kanema, batire ya galimoto ndi gawo lomaliza la Chuma cha Bwana Ndevu. Kumvera n'kololedwa.

Motero amalume a Chikumbu anatuluka m'nyumba yawo motsogozedwa ndi wilibala. Sajeni ankakankha, tayala likulira, bokosi likutsata pambuyo, anthu pambuyo pa bokosi. Pa kanema mnyamata wachilendo anali atagona pageti, ndipo mawu a Felesiya ankatuluka m'kabokosiko, kuuza womwalira kuti akwere pang'onopang'ono. Mwini mawuwo ankayenda pambali, chitenje chili kukamwa, misozi ikulowa m'chitenjemo. Amayi ena ankayendetsa milomo popanda phokoso, ndipo sajeni anayang'ana kumbali, poti lamulo silinanenepo za milomo.

Nyimbo ikatha, sajeni ankaima, n'kubweza, n'kuyambanso. Anthu anamva mfuti ija kangapo asanafike kumanda.

Kumanda adzukulu anamanga zingwe, anakweza bokosi pamwamba pa dzenje, n'kuyamba kulitsitsa nyimbo ili pakati. Koma gawo limene boma linatumiza linali latsopano, lokonzedwanso ku Gulazonse kuti ligwirizane ndi msika. Bokosi lili pakati pa dzenje, nyimbo inaduka. Pa kanema panabwera mayi wa mano oyera atanyamula sopo, akuseka, thovu likuuluka, kaphokoso kosangalatsa kakulira manda onse.

Adzukulu anaima, zingwe zili m'manja, mikono ikunjenjemera ndi kulemera kwa amalume. Anayang'ana sajeni, sajeni anayang'ana Lufeyo, Lufeyo anayang'ana Felesiya. Tsiku lomwelo kulikulu, nduna ziwiri zinali pa wailesi kufotokoza kuti Mverani ndi dziko lokhalo limene lakwanitsa zonse zitatu: malonda ndi omasuka, chikhalidwe n'chotetezedwa, ndipo zinenero zonse zikumveka.

Mkulu wa adzukulu, thukuta likutsika m'maso, anasuntha phazi kuti asaterereke, n'kufunsa mwaulemu wonse:

"Eni maliro, tiuzeni. Titsitse, kapena tidikire sopo athe?"